Sukulu imakolola katatu, koma imadya miyezi 12

Amene akufuna kudziwa ngati sukulu yomwe si yaboma ikuyenda bwino asapiteko mu Sepitembala. Mwezi umenewo sukulu iliyonse imaoneka yamoyo: penti yatsopano pachipata, chikwangwani cha ana amene adakhoza bwino MSCE, mzere wa makolo pawindo la abasala. Apiteko mu Ogasiti ana ali patchuthi, akafunse mphunzitsi aliyense amene amupeze ngati walandira malipiro a Julayi. Kapena apite mu Febuluwale, akasuzumire m'khitchini ya ana ogonera pasukulupo, akaone kukula kwa mtanda wa nsima.

Ndine mphunzitsi wa masamu pa CDSS ina kumudzi kuno. Ndisanalembedwe ntchito m'boma ndidaphunzitsa zaka zinayi m'sukulu ziwiri za anthu wamba, zonse zili pamisika ya m'mbali mwa msewu wafumbi, kumene banki ili kutali ulendo wa theka la tsiku. Anzanga ambiri amene ndidatenga nawo dipuloma ku Domasi adadzera njira yomweyi, ndipo ena adakali komweko. Tikakumana kokachonga mayeso kapena pamaliro, nkhani yake imakhala imodzi: ana alipo, fizi ikulowa, koma malipiro kulibe. Ndalama zimapita kuti?

Yankho lachangu n'lakuti eni sukulu ndi akuba. Alipo ena otero, koma ambiri amene ndidawadziwa sadali akuba. Mmodzi adali mphunzitsi wopuma pantchito amene adathira ndalama zake zonse za penshoni m'njerwa ndi malata. Winayo adali wabizinesi ya zokolola amene adatopa kuona ana a m'dera lake akukwatiwa atangolephera kusankhidwa. Ndipo tisaiwale kumene sukuluzi zidachokera. Boma litayambitsa maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Anawo atafika Sitandade 8, malo ku sekondale adali ochepa. Malo ophunzirira a MCDE adasandutsidwa ma CDSS, komabe mpaka lero ana amene amasankhidwa kupita ku Fomu 1 m'sukulu zaboma safika theka la amene amakhoza PSLCE. Otsalawo amapita kuti? Ambiri amangokhala pakhomo, ena amalowa sukulu zamadzulo, ena ndiwo amadzaza sukulu zimene tikukambazi. Sukulu yotere ikagwa, palibe ina imene ikudikira kulandira anawo.

Mu 2009 unduna wa zamaphunziro udatseka sukulu zotere mazanamazana chifukwa chosowa zoyenereza. Oyendera sukulu amawerenga zimbudzi, madesiki ndi masatifiketi a aphunzitsi, ndipo amachita bwino kutero. Koma matenda amene ine ndidawaona akudya sukulu sawoneka ndi maso. Ali m'masamu ochepa chabe, amene mwana wa Fomu 1 angathe kuwerengera pa pepala limodzi.

Tiyerekeze sukulu yoyendera, ya ana 200, fizi yake K90 000 pa teremu. Manambalawa ndangowasankha kuti masamu aphweke, inu muikepo a sukulu imene mukuidziwa. Mwini wake akakhala pansi amachulukitsa 200 ndi K90 000, n'kupeza K18 miliyoni pa teremu, K54 miliyoni pachaka. Ali ndi aphunzitsi 10 olandira K200 000 aliyense, ndipo ahedi, abasala, alonda ndi wosesa onse pamodzi tinene kuti amatenga K700 000. Ndiye kuti K2.7 miliyoni pamwezi. M'mutu mwake sukulu imaphunzitsa miyezi 9, choncho malipiro ndi K24.3 miliyoni. Akachotsera, amaona K29.7 miliyoni itatsala, mtima n'kukhala m'malo. Mawa lake amaitanitsa simenti ya buloko yatsopano, mwinanso n'kupereka dipoziti ya minibasi.

Tsopano tiwerenge monga mmene zinthu zimakhalira. Ana 200 olembedwa m'kaundula si ana 200 olipira. Mulipo ana a achibale a mwini sukulu, ana a aphunzitsi olipira theka, mwana wa amfumu amene adapereka malo, ena amene adzasiyire panjira mu teremu yachiwiri, ndi ena ambiri amene adzatsale ndi ngongole mpaka tsiku lodzatenga satifiketi. M'sukulu ziwiri zimene ndidagwirako, kutolera K80 pa K100 iliyonse chidali chaka chabwino. Pamenepo K54 miliyoni ija yasanduka K43.2 miliyoni. Aphunzitsi nawo sadya miyezi 9. Landilodi wawo amafuna lendi mu Disembala ndi mu Ogasiti momwe. Malipiro a miyezi 12 ndi K32.4 miliyoni. Lamulo la penshoni limati wolemba anthu ntchito aziikapo K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, pomwe wogwira ntchito amadulidwa K5. Imeneyo ndi K3.24 miliyoni ina. Palinso msonkho wa TEVET wa K1 pa K100 iliyonse. Zonse pamodzi zikufika pafupifupi K36 miliyoni. Zotsala ndi K7.2 miliyoni, kapena kuti K600 000 pamwezi, ndipo m'menemo ndi mmene muchokere choko, mapepala a mayeso, inki ya fotokope, mayunitsi a magetsi, mankhwala a mu labotale, mpira, kukonza mjigo, ndi phindu la mwini wakeyo.

Pakati pa K29.7 miliyoni ya m'mutu ndi K7.2 miliyoni ya m'thumba pali dzenje loposa K22 miliyoni. Simenti ija idagulidwa kale ndi ndalama za m'dzenjemo. Wina ayenera kulikwirira, ndipo sakhala mwini sukulu. Amakhala mphunzitsi, amene amauzidwa kuti "tipirire pang'ono, fizi ikalowa tidzakuonani." Mphunzitsi wa fizikisi akapirira miyezi iwiri amanyamula katundu wake n'kupita kusukulu ina. Amachoka mu Epulo, mayeso a MSCE atatsala miyezi iwiri, ndipo ana a Fomu 4 amatsala ndi mnyamata amene adalemba yekha mayesowo chaka chatha. Dzenje lija potsiriza limakwiriridwa ndi mwana wa munthu amene adagulitsa mbuzi kuti alipire fizi yonse pa tsiku loyamba.

N'chifukwa chake ine ndimati bajeti ya sukulu isamayambe ndi funso lakuti tipeza zingati. Iziyamba ndi malipiro a miyezi 12, penshoni ndi misonkho yake, kenako zofunika m'kalasi, kenako n'kufunsa kuti ana olipiradi akhale angati kuti zimenezi zitheke. Fizi ya teremu iliyonse iyenera kutalika miyezi inayi, osati itatu. Pa chitsanzo chathu chija, teremu imabweretsa K14.4 miliyoni, ndipo K12 miliyoni mwa imeneyo ili kale ndi eni ake tsiku limene yalowa. Mwini sukulu wanzeru amaisuntha sabata yomweyo kupita ku akaunti ina ya malipiro okhaokha, kuti asamaione.

Komatu materemu atatuwa safanana, ndipo apa ndi pamene anzathu a m'tauni amene amalemba za kayendetsedwe ka sukulu amaphonya. Kumudzi kuno fizi imatsata munda. Teremu yachitatu imayamba cha kumapeto kwa Epulo, chimanga chikulowa m'nkhokwe, misika ya fodya itatsegulidwa, soya ndi mtedza zili pa sikelo. Makolo amalipira, ena amabweza ndi ngongole zakale zomwe. Teremu yoyamba, ya Sepitembala, imayenda bwino pachiyambi chifukwa cha ana atsopano a Fomu 1, koma pofika Novembala ndalama iliyonse ya pakhomo yapita ku fetereza ndi mbewu. Teremu yachiwiri ndiye ya misozi. Januwale ndi Febuluwale kholo likusankha pakati pa fizi ndi ndowa ya chimanga, ndipo palibe kholo limene lingasankhe fizi ana akugona ndi njala. Sindiliimba mlandu.

Tanthauzo lake n'lakuti chaka cha maphunziro chimayamba mu Sepitembala, koma chaka cha ndalama cha sukulu yakumudzi chimayamba mu Meyi. Ndalama zimene zasefukira mu Meyi ndi Juni si phindu. Ndi malipiro a Ogasiti, pamene kulibe mwana ndi mmodzi yemwe wolipira, ndiponso ndi malipiro a Febuluwale wa chaka chamawa. Mlimi aliyense amadziwa zimenezi pa nkhokwe yake. N'zodabwitsa kuti mlimi yemweyo akatsegula sukulu amaiwala.

Kwa sukulu zogonera komweko nkhani ya Meyi ndi yaikulu kuposa pamenepo. Mmene ndinkaonera kukhitchini, mwana mmodzi amadya pafupifupi thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 pa teremu. Ana 100 ndiye kuti matumba 300 pachaka, osawerengera nyemba. Aliyense wogula chimanga m'dziko muno amadziwa kuti mtengo wa mu Juni ndi wa mu Febuluwale ndi wosiyana kutalitali, zaka zina umachita kuwirikiza. Sukulu yachiwiri imene ndidagwirako inkagula matumba ake onse nthawi yokolola, kuthira mankhwala a anankafumbwe, n'kutsekera m'chipinda chimene makiyi ake adali awiri, wina kwa ahedi, wina kwa mayi woyang'anira atsikana. Thumba lililonse lotuluka linkalembedwa. Yoyamba ija inkagula matumba asanu Lolemba lililonse kwa mavenda a pamsika, pamtengo wa tsiku limenelo, nthawi zambiri pangongole. Fizi ya sukulu ziwirizi idali yofanana. Kwina ana ankadya katatu chaka chonse, kwinako mu Febuluwale phala la m'mawa linkasowa, ndipo tsiku lina anyamata adaphwanya mawindo a ofesi. Magalasi ake adagulidwanso pangongole.

Pali makolo amene ndalama alibe koma chimanga, nyemba kapena nkhuni ali nazo. Sukulu yokana zimenezi ikudzimana yokha. Chofunika n'chakuti mtengo wake ugwirizanidwe pamsonkhano wa makolo, thumba liyezedwe pa sikelo, ndipo kholo lilandire lisiti monga wolipira ndalama. Ndidaonapo mbuzi ya fizi ikulowa m'khola la mwini sukulu, mwana n'kudzathamangitsidwa patapita milungu itatu chifukwa m'buku la abasala simudalembedwe kanthu.

Mbuzi imeneyo ikutifikitsa pa thumba la mwini sukulu. M'sukulu zambiri zazing'ono, thumba la sukulu ndi thumba la pakhomo ndi limodzi. Fizi imatumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba ya pafoni ya bwana. Abasala ndi akazi awo kapena mphwawo. Kukagwa maliro kumudzi kwawo bokosi limachokera mu fizi, fetereza wa kumunda kwawo chimodzimodzi, ndipo palibe polemba chifukwa, monga mmodzi adandiyankhira, "munthu sabwereka kwa iye mwini." Mawu amenewa amamveka anzeru, koma ndi amene amagwetsa sukulu. Mwini sukulu ali ndi ufulu wodya thukuta lake, palibe akutsutsa. Adziikire malipiro a pamwezi monga wantchito wina aliyense, alembedwe mu bajeti, ndipo phindu adzatenge chaka chikatha, mabuku atatsekedwa, malipiro a Ogasiti ataperekedwa. Akafuna ndalama pakati pa chaka, alembe kuti wabwereka, ndi tsiku lobweza.

Zoyenera kuchita kuti ndalama zisamasowe si zamtengo wapatali. Akaunti ikhale m'dzina la sukulu, yosainira anthu awiri. Nambala ya foni yolandirira fizi ikhale ya sukulu. Malisiti akhale a manambala otsatizana, osiya kope m'buku. Wolandira ndalama asakhale yemweyo wogula zinthu. Mwezi ukatha, munthu wina amene sagwira ndalama afananize buku la malisiti ndi sitetimenti ya ku banki, chifukwa masilipi abodza a ku banki alikonso, ndipo ana ena ndi akatswiri pa zimenezo kuposa pa masamu anga. Zonsezi zimatheka ndi buku la hadikava ndi bolopeni. Kompyuta imathandiza, koma sichiritsa munthu amene safuna kulemba.

Pali ndalama zina zimene zimangodutsa pasukulu, si za sukulu ayi, ndipo kuzigwira ndi mlandu. Zoyamba ndi za mayeso. Kwa zaka zambiri nyuzipepala zakhala zikulemba za ana amene adafika tsiku la mayeso n'kupeza kuti maina awo kulibe, chifukwa amene adatolera ndalama zawo sadazipereke. Kawirikawiri wotolerayo sadathawe nazo. Adalipirira malipiro a Novembala poganiza kuti adzabweza fizi ya Januwale ikalowa, ndipo Januwale adabwera ndi njala yake. Zaka zaposachedwazi bungwe la MANEB lidakhazikitsa njira yoti ndalama za mayeso zizilipiridwa mwachindunji kudzera ku banki kapena pafoni. Makolo, gwiritsani ntchito njira imeneyi nokha ndipo sungani umboni wake. Musapatsire munthu ndalama za mayeso m'manja chifukwa choti wavala tayi.

Zina ndi msonkho wa PAYE, umene uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndi K5 ya penshoni ija imene imadulidwa pa malipiro a mphunzitsi. Banki yaikulu ya Reserve yakhala ikudandaula kuti olemba anthu ntchito m'dziko muno akusunga mabiliyoni a ndalama za penshoni zimene sadapereke. Aphunzitsi anzanga, pepala la malipiro likaonetsa kuti mwadulidwa, funsani dzina la kampani imene ikusunga penshoni yanu ndi nambala yanu ya umembala, ndipo kamodzi pachaka pemphani sitetimenti. Ndikudziwa kuti kufunsa zotere kumaopsa pamene kalata ya ntchito ulibe. Funsani muli gulu.

Wina anena kuti bajeti ilibe ntchito m'dziko limene mitengo imasintha sabata iliyonse. Ndikumumvetsa. Mu Meyi 2022 kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti, sukulu zitalengeza kale fizi mu Sepitembala ndipo makolo ambiri atalipira. Mapepala, inki, mafuta ophikira ndi mafuta a galimoto zidakwera teremu ili pakati. Mu Febuluwale 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma adachoka pa K50 000 kufika pa K90 000 pamwezi, ndipo mlonda ndi wophika adayenera kukwezeredwa. Tisanafike kumeneko kudali Covid-19, pamene sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020 mpaka Sepitembala, aphunzitsi ambiri a m'sukulu zomwe si zaboma n'kukhala miyezi isanu osalandira kanthu. Anzanga ena adayamba kabaza nthawi imeneyo ndipo sadabwererenso m'kalasi. Mu Januwale 2023 kolera adachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mu Malichi namondwe wa Freddy n'kutseketsa sukulu m'chigawo cha kummwera.

Koma tawerengani bwino mndandanda umenewu. M'zaka zinayi zokha, pafupifupi chaka chilichonse chidabwera ndi tsoka lake. Chinthu chobwera chaka ndi chaka sitingachitchenso chadzidzidzi. Chiyenera kukhala ndi mzere wake mu bajeti, ngakhale K5 yokha pa K100 iliyonse yolowa, yosungidwa kosafikirika msanga, mpaka itakwana malipiro a miyezi iwiri kapena itatu. Ndipo kukwera mitengo kwa zinthu, kumene kwakhala kukuzungulira pa 30 peresenti zaka zapitazi, kuyenera kulowa m'masamu a fizi chaka chisanayambe. Kukweza fizi kamodzi pachaka, makolo atauzidwa teremu yathunthu isanafike, kumapweteka koma kumapiririka. Kukweza mu Januwale ndi kakalata kopatsira ana tsiku lotsekera, ndiye kuthamangitsa makolo amene amalipira mokhulupirika.

Sukulu yopanda nkhokwe yotere imathera kwa akatapila. Ngongole ya ku banki ndi yodula kale, chiongoladzanja chake chidadutsa 25 peresenti pachaka, ndipo banki imafuna mabuku a ndalama amene sukulu zambiri zilibe. Wakatapila safuna mabuku. Amene ankabwera pasukulu yoyamba ija ankafuna theka pamwamba mwezi ukatha: K2 miliyoni ya mu Novembala inkabwezedwa K3 miliyoni, ndipo tsiku lotsegulira mu Januwale iye ankakhala pa benchi pafupi ndi windo la abasala, kudikira. Makolo ankaganiza kuti nayenso ndi kholo. Fizi ya teremu yachiwiri inkatha isanagone pasukulu usiku umodzi, ndiye mu Malichi bwana ankabwereranso kwa munthu yemweyo.

Buloko yatsopano ija, imene idayambitsa zonsezi, idaima pa lintala zaka ziwiri. Kumanga si kulakwa, sukulu iyenera kukula. Koma nyumba imamangidwa ndi zotsala za chaka chimene chatha, kapena ndi thumba la chitukuko limene makolo alivomereza, lolembedwa palokha, loti aliyense aziona njerwa zake. Simangidwa ndi malipiro a Disembala.

Ndiyeno pali mwambo wothamangitsa ana a fizi, umene kwa ine ndi chizindikiro chachikulu cha sukulu yopanda dongosolo. Ndalama zikatha mu ofesi, abasala amalowa m'kalasi ndi pepala, kuwerenga maina, theka la kalasi n'kutuluka. Mphunzitsi umatsala ndi ana 15 pa 40. Ukaphunzitsa mutu watsopano udzaubwereza sabata yamawa, ukapanda kuphunzitsa walanga amene adalipira. Atsikana othamangitsidwawo sikuti onse amafika kwawo, ena amakathera pamsika, ndipo zotsatira zake timaziona patapita miyezi. Chikhalirecho, kumudzi kumene akutumizidwako mu Febuluwale kulibe ndalama, ngakhale atathamangitsidwa kasanu.

Sukulu yachiwiri ija inkachita mosiyana. Sabata yoyamba ya chaka, kholo lililonse linkakhala pansi ndi abasala n'kulemba mmene lidzalipirire: wa pantchito mwezi ndi mwezi, mlimi wa fodya gawo lalikulu mu Meyi ndi Juni, mayi wa geni pang'onopang'ono tsiku la msika, ena podikira kugawana kwa banki mkhonde mu Disembala. Amene ankatha kulipiriratu chaka chonse nthawi yokolola ankachotseredwa pang'ono. Mapepala amenewo akaphatikizidwa, sukulu inkadziwa ndalama zimene zidzalowe mwezi uliwonse, ndipo inkadziwiratu kuti Febuluwale adzaperewera ndi zingati. Wolephera lonjezo ankaitanidwa iye mwini, mwana ali m'kalasi. Ngongole zidalipo ndithu, ndipo ena ankazemba, koma m'zaka ziwiri zimene ndidakhalako malipiro sadapitirire pa 5 mwezi wotsatira. Mwini wake sadaphunzire za akaunti. Adali uja wogula zokolola, wodziwa kuti ndalama ili ndi nyengo.

Eni sukulu ena amati mabuku a ndalama ndi chinsinsi cha bizinesi, makolo alibe nawo gawo. Pa golosale zimenezo n'zoona, chifukwa ukagula sopo woipa mawa umakagula kwina. Sukulu ndi yosiyana. Kholo limalipiriratu katundu amene lidzamuone patapita zaka zinayi, ndipo likazindikira kuti lapusitsidwa, zaka za mwana zapita kale. Sindikunena kuti mwini sukulu aziulula phindu lake pamsonkhano. Koma pepala limodzi loonetsa kuti pa K100 iliyonse ya fizi, zakutizakuti zimapita ku malipiro, zakuti ku chakudya, zakuti ku mabuku ndi mayeso, silingaphe munthu. Kumene ndidaliona likuwerengedwa, makolo adavomera kukweza fizi popanda phokoso, chifukwa adaona okha mtengo wa thumba la nyemba. Mabungwe a eni sukulu monga ISAMA ndi PRISAM angathandize kwambiri mamembala awo ang'onoang'ono akumudzi powaphunzitsa kalembedwe ka pepala limeneli ndi buku la ndalama, ngakhale kwa masiku awiri okha patchuthi.

Inu makolo amene mukufunira mwana malo, kufunsa za mapointi a chaka chatha n'koyenera, koma mapointi amenewo adabwera ndi aphunzitsi amene mwina adachoka kale. Funsani kuti mwa aphunzitsi a chaka chatha atsala angati. Funsani ngati sukuluyo idalembetsedwa ku unduna, ndipo muone chiphaso chake ndi maso anu. Funsani dzina limene lili pa akaunti yolipirira fizi, ngati ndi la sukulu kapena la munthu. Ngati ndi yogonera komweko, pemphani akutsegulireni chipinda chosungira chimanga, muwerenge matumba, mugawe ndi chiwerengero cha ana. Mukapeza kuti mu Sepitembala muli matumba 20 pa ana 100, funsani kuti enawo adzagulidwa liti, ndipo ndi ndalama ziti.